Mbale ya Dércio ku Zalala

Okondedwa Azakhali a Ermelinda,

Ndikhulupirira kuti mwendo uja wasiya kukuvutani. Kuno ku Quelimane tili bwino, kungoti Bambo akutsokomolabe ndipo kuchipatala akukana.

Lamlungu tinapita kukaona nyanja ku Zalala. Ndinatenganso Dércio, mnzanga wa kuntchito. Iyeyu sadya chilichonse chochokera ku nyama, kaya nsomba, mazira ngakhale mkaka. Bambo mukuwadziwa, munthu wokalambira m'bwato. Njira yonse ankangomuseka: "Iwe, mbuzi ndi abale ako eti? Mumadyera limodzi?" Ine mtima unali m'mwamba.

Masana mayi wina wogulitsa zakudya anatipakulira chigwada chothira kokonati, n'kulumbira kuti mulibe nyama. Dércio atangonyamula supuni, Bambo anamulanda mbale n'kuinunkhiza.

"Mayi, mwaphikiramo nkhanu umu."

"Aa, nkhanu ndi nyama ngati? N'zokometsera chabe!" anatero mayiyo.

"Mwana wangayu sadya zimenezo," anatero Bambo akuloza Dércio.

Ananyamuka padzuwa lonse lija, akutsokomola, mpaka anakapeza mukapata, mpunga uja timaphika ndi mphodza ndi kokonati. Anabwera ndi mbale ziwiri, inayo yawo. Nsomba zowotcha zinkanunkhira gombe lonse, koma sanazicheukire n'komwe. Anakhala pamchenga pafupi ndi Dércio n'kumadya, uku akudandaula kuti mchere wachepa.

Azakhali, kapulana yanu, nsalu yokongola ija, musabwereketse aliyense. Mwina ifunika pa chinkhoswe mvula ikatha. Amayi sindinawauzebe kalikonse za ine ndi Dércio, choncho mukamawaimbira muzingofunsa za chifuwa cha Bambo.

Ndine mwana wanu,
Graciete