Mikanda Yanga ndi Kachilombo ka M'mwala

Hillside, Bulawayo
9 Ogasiti 1981

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wanga, inu ndi onse pakhomo. Kodi mwendo uja unasiya kutupa? Nanga abambo, chifuwa chikuwatani ndi kuzizira kwa chaka chino? Ine m'thupi ndili bwino.

Mukudziwa kuti pakamwa ndimasowa mawu, n'chifukwa chake ndati ndilembe. Kalata ya amalume a Jameson iyenera kuti inafika kale, ndipo munamva zoti ndinalowa m'nyumba mwawo ndi mankhwala oipa. Amene anamva kalata ija amvenso iyi.

Nyumba imene anasamukiramo pochoka ku komboni ya Mabutweni inali ya mzungu amene anathawira ku Joni dziko lino litalandira ufulu. Mzunguyo anasiya chibokosi chagalasi pabalaza, chodzaza madzi amchere, muli tinsomba ta m'nyanja yaikulu, tachikasu ndi tabuluu. Sitidyedwa. Ntchito yake n'kungotiyang'ana. A anti Mildred, akazi a amalume, amakonda tinsombato kuposa anthu. Alendo akabwera amayamba awaonetsa nsombazo, ine n'kumanditchula kuti gelo wapanyumba. Chichewa amati anaiwala, chonsecho anakula nacho pa Mabutweni pomwepo. Akapsa ndi poto ndiye chimabwerera chonse.

Sabata limene ndinafika, dalaivala wina wa lole anawabweretsera mwala wa m'nyanja kuchokera ku Durban, wamabowomabowo ngati chulu, atauika m'mgolo wa madzi. Anaulowetsa m'galasimo. Posakhalitsa munayamba kumveka tha! tha! ngati munthu akuthyola zala. Kenako nsomba zinayamba kusowa imodziimodzi, ina kupezeka mutu wokha.

Poyamba a anti anati ndikuzikazinga, poti akuti ife akumudzi sitiona nsomba n'kuipitirira. Amayi, kansomba konga chala, ndingakazinge chiyani pamenepo? Atamva okha kulirako ine ndili kumsika, nkhani inasintha. Anati ndi chinthu chimene ndinabwera nacho kuchokera kwathu, chotumidwa ndi inuyo chifukwa cha nsanje ya nyumba. Amalume, mlongo wanu wa bere limodzi, anangoweramira nyuzipepala.

A anti anaitana mneneri wa ku komboni ya Lobengula, wa mkanjo woyera ndi ndodo, wonenepa kukhosi. Anandiyang'ana n'kunena kuti msungwana wosalankhula ndi anthu amakhala akulankhula ndi zina. Anafunsa ngati ndavala kanthu m'chiuno. A anti anandikokera kuchipinda, kundivula, n'kudula mikanda imene munandimanga inu tsiku lotuluka m'chinamwali. Anaibweretsa pabalaza ili pa mbale, amalume akuona. Chikhalirecho kwathu mkazi aliyense ali nayo, ndi amayi awo a anti omwe anali nayo. Mneneriyo anaiponya m'thumba mwake, akuti akaiwotcha kuphiri.

Atatero analamula kuti mwala uja usambitsidwe ndi madzi ake opemphereredwa, amene ndinamuona akutunga pampopi wathu womwewu. Anautulutsa m'galasimo n'kuuviika m'beseni, uku akuimba. Kaya madzi opanda mchere aja anakawawa, m'bowo munatuluka kachilombo kobiriwira, kotalika ngati chala chapakati, maso ali pa timitengo, manja opindika ngati a chiswamphika. Mneneri anafuula kuti ndi chimenecho, chagonja, n'kukagwira ndi dzanja kuti tione mphamvu zake. Tinangomva tha! Chala chachikulu chinang'ambika, magazi pamkanjo ponse. Zimene anatukwana m'Chindebele sindingakulembereni. M'Baibulo mulibe.

Amalume anakaika m'botolo la madzi amchere n'kupita nako kusitolo kumene amagula mchere wa nsombazo. Mwini sitolo akuti anaseka. Anati ndi kachibale ka nkhanu, kamabisala m'miyala ya m'nyanja n'kubwera nawo osaitanidwa, ndipo kulira kuja ndi nkhonya yake ikamamenya. Anawalangiza kuti mwala watsopano aziyamba auika m'ndowa pawokha mpaka aone zobisala m'kati. Anatinso azungu ena amakaweta dala chifukwa sikapezekapezeka.

Pa zonsezo, a anti anamvapo mawu omalizawo basi. Lero kachilomboka kali ndi galasi lakelake pa tebulo, pansi pake atayala nsalu yoluka. Ndine ndimakadulira nyama ya ng'ombe, imene ineyo ndimailawa Lamlungu lokha. Alendo amauzidwa kuti anachita kukaitanitsa ku Durban. Kupepesa kwa ine ndiye kulibe. Nditalimba mtima n'kufunsa za mikanda, a anti anati ndizithokoza kuti andichotsera zachimidzi. Amalume ananditsatira kukhitchini n'kundipatsa siwiti mobisa, ngati mwana amene wagwa pothamanga. Sindinaidye. Ndinaisiya pawindo, nyerere zinathana nayo.

Anthu awa ndinkawaopa, Amayi. Ndinkayenda chonyang'ama kuti nsapato zanga zisawasokosere. Tsopano ndimangowayang'ana momwe iwo amayang'anira nsomba zawo.

Azakhali a Dorah a ku Mabutweni, alongo awo a abambo, andipezera malo ku fakitale yosoka zovala ku Belmont, kodula ulusi. Ndizigona ndi ana awo pansi, ndipo kwa ine n'kwabwino kuposa bedi la kuno. Mwezi ukatha ndidzatsanzika amalume mwaulemu monga munandiphunzitsa, chogwada, koma pakhomo pano sindidzagonanso. Musavutike kuwalembera kuti andikhululukire. Palibe chimene ndinalakwa.

Pempho langa ndi limodzi. Munditungire mikanda ina, yofiira, yoyera ndi yakuda monga ija, ndipo muimange mfundo ndi dzanja lanu. Mupatsire munthu wodalirika wobwera kuno, akaisiye ku Mabutweni, osati ku Hillside. Chiidulireni, ndikamasamba ndimapapasa m'chiuno n'kumva ngati thupi si langa.

Mundiperekere moni kwa abambo, kwa achemwali a Erica ndi alamu, kwa ang'ono anga onse, ndi kwa anamkungwi amene anandilangiza. Muwauze kuti zimene anandiphunzitsa sizinaduke pamodzi ndi ulusi uja. Mukamayankha kalata ya amalume, musaiwale kufunsa moyo wa mlendo wa m'galasi, poti m'nyumba muno ndiye m'bale amene amamudziwa.

Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane.

Ndine mwana wanu,
Evelina