Zidindo Zitatu pa Khadi

Lachiwiri, 14 Okutobala

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli ndi mphamvu, inu pamodzi ndi alamu. Mudabwa kuti ndalemba papepala m'malo moimba foni. Pafoni mumandidula mawu, ndipo inenso ndikangomva mawu anu ndimathamangira kunena kuti "tili bwino" n'kuyamba kukamba za mvula. Lero ndikufuna mundimvere mpaka kumapeto. Khalani pansi kaye, ndipo musawerenge muli pantchito.

Mwana wanu wakhoza mayeso a teremu yatha, ndipo akuti ndikuuzeni kuti nsapato zija zayamba kumuthina. Bambo akenso, amuna angawa, ali bwino. Za ine ndifikapo.

Mukukumbuka tsiku lija munandiperekeza kukafunsira ntchito kuchipinda chochapira cha pachipatala, pamalo amene inu munkawasiya? Tili pabenchi munandilanda cholembera n'kuchonga nokha pa "ayi", pomwe fomu imafunsa za matenda a shuga. Munati, "Ukangovomera, ntchito yapita. Ine ndagwira pano zaka zisanu palibe anadziwa." Sindikukumbutsani kuti ndikuimbeni mlandu, pajatu amene anasaina pansi ndine. Ndikungofuna muone pomwe nkhaniyi inayambira.

Chimene simunandiuze n'chakuti mzere wa odwala shuga umadutsa pakhomo penipeni pa chochapira. Lachitatu lililonse amandandalika pamenepo, ndipo Wailesi, mnzanga uja wa pamakina aakulu, amaima pazenera n'kumawerenga anthu: uyu watupa miyendo, uyo waonda. Inu mukumudziwa, nkhani ikalowa m'khutu mwake m'mawa, pofika masana ndiye kuti yafika mpaka kumochale. Nanga ine ndikanaima bwanji pamzere umenewo nditavala yunifolomu? Ndinasiya kupita kukliniki. Mapiritsi ndinkagula kufamase ndikakumbukira, ndipo pa tiyi wa teni koloko ndinkathira masipuni atatu ngati anzanga, kuopa mafunso. Ludzu, kukodzakodza, maso kuchita chidima, zonsezo ndinkanamizira kutentha kwa makina.

Miyezi yomweyo ndi imene ankatibaya katemera wa matenda a chiwindi, aja amafala kudzera m'magazi. Majekeseni atatu, zidindo zitatu pa khadi, ngati yanu ija mumaisunga pamodzi ndi ziphaso. Patapita miyezi iwiri, a sisita otiyang'anira anabwera ndi mndandanda wa mayina, akuti aliyense akapereke magazi kuti aone ngati katemera wagwira. Ine kungomva za magazi ndinaopa. Ndinkati akangowatenga, shuga aonekera poyera. Ulendo woyamba ndinanamizira maliro. Wachiwiri ndinabisala kuseri kwa mashiti oyanika mpaka a sisita atadutsa, mayi wamkuluwamkulu ngati ine, nsapato zikuonekera pansi. Kenako dzina langa linaiwalika, ine n'kumadziona wochenjera.

Mu Juni ntchito inachuluka. Magolovesi okhuthala aja amachedwetsa manja posankha zochapa, inunso munkawavula, musakane. Ndinapisa dzanja mumtolo wochokera kuwodi ya abambo, ndipo china chake chinandibaya pachala chapakati. Inali singano yogwiritsa kale ntchito, itakulungika m'shiti yamagazi. Wailesi anaona.

"Thamanga kwa a sisita, iwe," anatero.

"Ndinabayitsa katatu ine, khadi ndili nayo," ndinamuyankha.

Ndinafinya chala pampopi, n'kumata pulasitala, n'kupitiriza ntchito. Ndinamuchonderera kuti asauze munthu, ndipo mwa tsoka langa, tsiku limenelo lokha wailesi inazima. Kunena zoona achemwali, sikuti ndinkadalira khadi yokha ayi. Ndinkadziwa kuti ndikakanena anditenga magazi.

Mwezi wathawu ndinayamba kufooka, chakudya osachifuna, mkodzo ngati tiyi wopanda mkaka. Lolemba lina tikupinda mashiti, Wailesi anandigwira chibwano n'kunditembenuzira kuzenera. Sanaseke. Anangoti, "Maso akowa achita chikasu. Ukapanda kupita wekha, ndikukokera konko ndine."

Magazi amene ndinkawakaniza chaka chonse anawatenga mabotolo anayi. Ndinadikira masiku atatu, ndipo Lachinayi anandiitana m'kachipinda ka dokotala. A sisita analimo, ataima chakukhomo. Dokotalayo ndi bambo wachikulire wolankhula pang'onopang'ono. Anayang'ana khadi yanga, n'kuyang'ana pepala la zotsatira, n'kubwereranso pa khadi.

"Mayi, shuga ameneyu munayamba naye liti?"

Ndinayang'ana a sisita. Ndinati zaka zinayi zapitazo.

"Ndiye pamene tinkakubayani katemera, mankhwala munkamwa?"

Ndinati mwa apo ndi apo. Iye anavula magalasi n'kuwaika patebulo.

"Katemeratu si mpanda woti timakumangirani ayi," anatero. "Iye amangoliphunzitsa thupi, ndipo thupilo ndi limene limapanga chitetezo. Shuga akakhala wokwera miyezi yambiri thupi limakhala lotopa, moti kwa anthu ena phunzirolo sililowa bwino. Sindinganene kuti ndi shuga yekha, alipo ena opanda shuga amene katemerayu sawagwira. N'chifukwa chake timayeza pambuyo pake. Tikanaona kuti sanagwire, tikanakubayaninso. Ngakhale tsiku la singano lija, mukanabwera nthawi yomweyo, ilipo jekeseni ina yotchinga msanga."

Makomo anali awiri, ndipo onse ndinawatseka ndekha.

Ndinayembekezera kuti a sisita andiuza kuti ndikavule yunifolomu. M'malo mwake anapisa m'thumba n'kutulutsa kamakina koyezera shuga, kothetheka m'mbali chifukwa chogwiragwira. Anati, "Aka n'kanga, chaka chakhumi ndi chimodzi chino. Anakuuzani ndani kuti wa shuga salembedwa ntchito pano?" Sindinakutchuleni. Ndinangolira, chifukwa ndinaona kuti safunsa anadya phula, ndipo phulalo ndalidya ine ndi manja awiri.

Ndazungulira mokwanira. Achemwali, kachilombo ka matenda a chiwindi kaja ndili nako.

Dokotala akuti anthu akuluakulu ambiri thupi lawo limakachotsa lokha pasanathe miyezi isanu ndi umodzi. Kakapitirira pamenepo ndiye kuti kakhazikika, ndipo kangathe kumadya chiwindi pang'onopang'ono kwa moyo wonse. Andiuza kuti ndidzayezetsenso mu Malichi. Ndikuopa, sindikubisirani. Thupi loti limenye nkhondoyi ndi lomweli, limene linalephera phunziro loyamba lija. Panopa ndimaima pamzere wa Lachitatu yunifolomu ili m'thupi, tiyi ndimamwa wosathira kanthu, ndipo Wailesi ndi amene amabisa chitini cha shuga ndikamalowa. Manambala a shuga ayamba kutsika, koma sindikudziwa ngati sindinachedwe.

Mwana wanu anamuyeza, alibe. Bambo akenso alibe, ndipo awabaya jekeseni yoyamba. Sanandikalipire, bwenzi zili bwinoko akanakalipa. Anangondifunsa kuti, "Ndiye kuyambira Juni uja timagona bedi limodzi, iwe ukudziwa za singano?" Amandiperekeza kukliniki, koma m'njira sitiyankhulana.

Tsopano pempho langa, limene ndalembera kalatayi. Kumeneko mumasamalira nkhalamba zodwala, mumazitsuka mabala, mumatola masingano awo. Shuga wanu ndi wamkulu kuposa wanga, ndipo ndikudziwa kuti kumenekonso munachonga pa "ayi". Magazi aja nanunso simunapereke. Musatsutse, a sisita anatsegula buku lakale pamaso panga, dzina lanu pambali pake palibe kanthu. Khadi yanuyo ingakhale yabwino, ingakhalenso pepala chabe ngati yanga, ndipo palibe angadziwe popanda kuyeza. Pitani sabata ino. Akakufunsani za shuga, muvomere. Mukandiimbira foni musayambe ndi kundipepesa kapena kundikalipira, muyambe ndi kundiuza tsiku limene mwapita. Mukapanda kutero ndidula foni, ngakhale ndinu aakulu.

Amayi musawauze kaye, mtima wawo mukuudziwa. Ndidzawauza ndekha mu Malichi, zikadzakhala mbali iyi kapena inayo.

Mundiperekere moni kwa alamu. Mwana wanu akuti amayi aakulu abwere msanga, akufuna mudzamuluke tsitsi ngati chaka chatha. Chipinda chanu chilipo, ndipo makatani aja ndinawachapa. Kungoti mukamabwera pa tchuthi mudzatenge chowengera zikhadabo chanu. Chathu chija tinkabwerekana kuyambira tili atsikana ndachimangira kaulusi kofiira n'kuchiika pamwamba pa kabati, pomwe mwana sangafikire, poti kachilomboka kangathe kudutsira pamenepo. Musadzachigwire, chonde, ngakhale ine nditaiwala n'kukupatsani.

Ndine mng'ono wanu,
amene mumati samva,
koma ulendo uja anakumverani.