Nkhuni za pa Maliro a Bambo

Blantyre
14 Januwale

Okondedwa achemwali a Faines,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi mwendo wa amayi uli bwanji ndi mvulayi? Ine ndili bwino, chimfine chija chinatha. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni ndimazungulira, ndipo inu mumandidula ndisanafike pa nkhani. Kalatayi ndapatsira a Elifala, amene akukwera basi ya ku Mponela mawa.

Kuno mvula ikugwa tsiku ndi tsiku ndipo magetsi akungozimazima. Denga likudontha pakona, ndaikapo beseni lija munandipatsa.

Mukudziwa kuti bungwe lathu linapatsidwa ntchito yolangiza boma za utsi umene ukusokoneza nyengo. Maganizo athu ndi akuti banja lililonse likhale ndi mlingo wa utsi umene lingatulutse pa chaka, ndipo lopyola mlingowo lizilipira. Si lamulo ayi, akadali maganizo, koma tikawapereka ku msonkhano ku Lilongwe pa 6 Febuluwale. Chaka chatha tinatuma anthu kukayeza pa sikelo nkhuni zimene mabanja amaphikira m'midzi ya ku Dowa ndi ku Ntchisi. Amene anatchula za kwathu kwa Dzoole ndine. Ndinkayesa kuti ndikuchitira mudzi zabwino.

Lipoti lathu lasindikizidwa Lolemba. Pachikuto pali chithunzi cha mayi wachikulire ataima pafupi ndi mulu wa nkhuni womuposa msinkhu. Achemwali, ndi amayi athu, atavala duku lakuda lija. Pansi pake alemba kuti ili ndi banja la anthu atatu limene limatentha nkhuni zotere pa sabata imodzi.

Ndinakafufuza m'mapepala a oyeza aja. Anafika pakhomo pathu pa 20 Juni, patapita masiku anayi titaika bambo m'manda. Ine ndinali nditanyamuka dzulo lake, ndipo inu muyenera kuti munali kuchigayo. Nkhunizo ndi zija amayi a m'mudzi ndi a Chigwirizano cha kutchalitchi anasenza kubwera nazo pa maliro, aliyense mtolo wake, monga timachitira.

Ndinaimbira foni a Elisha, amene anayeza tsikulo. Iwo anakulira m'tauni, ndipo akuti duku lakudalo sanaliganizire kanthu. Anafunsa amayi kawiri ngati nkhunizo zinali zawo, ndipo amayi anayankha kuti, "Zonsezi ndi zanga, mwanangu." Atafunsa kuti mulu wotere umatha masiku angati, amayi anati unzake wofanana nawo unatha sabata imodzi. Palibe ananama. Mtolo umene mnzako wakusenzera pa maliro sungaukane pamaso pa mlendo, ndipo sabata imeneyo tinadyetsadi mudzi wonse.

Chimene chikundivuta ndi chakuti nambala ya nkhuni zimenezi ndinaiona mu Okutobala. Inalibe dzina, inangolembedwa kuti banja la nambala 47. Ndinadabwa nayo, koma ndinaganiza kuti amene anapita kukayeza akudziwa kuposa ine, ndipo ndinailola. Tsiku lake sindinaliyang'ane. Pano dzina langa lili m'kati mwa lipoti, nkhope ya amayi ili kunja.

Lachiwiri ndinakaonana ndi abwana. Anandimvera bwinobwino, anapepesanso za maliro. Kenako anati banja limodzi mwa mabanja mazana awiri silisintha zambiri, mabuku asindikizidwa kale, ndipo chithunzicho chikulankhula bwino kuposa masamu athu onse. Ndinati ndamva, n'kutuluka. Mnzanga Alexio atamva anaseka n'kunena kuti, "Iwe Obed, ndiye kuti mayi ako ndi fakitale, uwalembetse ku boma." Nanenso ndinaseka. Mpaka lero ndikuchita manyazi ndi kuseka kumeneko.

Pa masamu abwana sakunama kwenikweni, kusiyana kwake n'kochepa. Komanso sindikukana kuti mitengo yatha. Bambo omwe ankadandaula kuti mapiri a kwathu ameta mpala iwo akuona. Koma jenereta ya pa ofesi pano imalira kuyambira m'mawa mpaka madzulo magetsi akazima. Panja pamaima magalimoto anayi akuluakulu, ndipo chaka chatha chokha akuluakulu athu anakwera ndege kangapo kupita kumisonkhano ya zanyengo zomwezi. Utsi wonsewo umalembedwa pa dzina la bungwe, sugwera munthu aliyense. Mlingo wathu udzagwira amene utsi wake uli ndi khomo, amene mulu wake ungajambulidwe. Poulemba sindinaone zimenezi. Ndaziona chifukwa pachikuto pali amayi, ndipo sindikudziwa ngati ndikanaziona akanakhala mayi a munthu wina.

Ndaganiza zokaimirira pa msonkhano uja ndi kunena kumene nkhunizo zinachokera. Kontirakiti yanga ikutha mu Malichi, ndipo sindikudziwa ngati adzandiwonjezera ndikachita zimenezi. Mumandidziwa kuti pagulu mawu amandithawa. N'chifukwa chake ndikufuna ndikakhale ndi pepala m'manja.

Pempho langa ndi ili. Mubwereke sikelo ya fodya ya alamu a Moffat, ndipo kwa masiku asanu ndi awiri muziyeza nkhuni zimene amayi akuphikira, m'mawa asanasonkhe moto. Muzilemba tsiku ndi makilogalamu. Musachepetse pofuna kundithandiza, ndipo amayi asasinthe kaphikidwe. Ngati tsiku lina aphika nyemba, mulembe kuti nyemba. Pansi pake a Agnesi, amene anatsogolera a Chigwirizano pa maliro, alembepo mizere iwiri yonena za mitolo ija, asaine. A Elifala akubwerera kuno pa 30, muwapatsire pepalalo.

Za chithunzi amayi musawabisire, angadzazimvere kwa ena. Muwauze kuti ndidzabwera kudzapepesa ndekha msonkhano ukatha. Ndikudziwa kuti adzayamba kudzifunsa ngati anayankha molakwa kwa mlendo uja. Muwauze kuti anayankha bwino. Nkhunizo zinalidi zawo, kungoti sanatole okha.

Moni kwa amayi, kwa alamu a Moffat, kwa amalume ndi azakhali ku Ntchisi, ndi kwa ana onse. Kwa a Agnesi ndi anzawo munene kuti sindinawathokoze mokwanira pa maliro paja.

Tsalani bwino.

Ine mlongo wanu,
Obed