Mwana Wathu Waitanidwa ku Nkhondo ya Mtsinje

Okondedwa achemwali,

Landirani moni wochokera kutali kuno. Kodi msana uja ukukuvutanibe, kapena mankhwala aja anathandiza? Nanga alamu ndi ana ali bwanji? Ife m'thupi tili bwino, koma mitima ili m'mwamba. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni ndikanangolira, inu n'kumadabwa kuti bambo wamkulu ngati ine chandilowa n'chiyani.

Munamva kale kuti dziko tikukhalali likumenyana ndi dziko loyandikana nalo. Akulimbirana mtsinje wa m'malire, aliyense akuti madziwo ndi ake. Uno ndi mwezi wachisanu ndi chinayi chiyambire nkhondoyi. Mfuti sizinamvekebe m'tauni muno, koma nkhondo yalowa kale m'nyumba mwanga. Lolemba lapitali kunabwera kalata yoitana mwana wathu wachisamba kuti akaonekere ku kampu ya asilikali mwezi wamawa ukangoyamba. Paja iyeyu anabadwira kuno, ndi nzika ya kuno, ndipo kukana n'kudzitengera ndende.

Mukudziwanso kuti mlamu wanu kwawo ndi kutsidya kwa mtsinje womwewo. Mlongo wake wamng'ono, uja anavina mpaka kung'amba buluku pa ukwati wathu, ndi msilikali wa uko. Ndiye tangoganizani, mwana ndi amalume ake kulozana mfuti. Chiwerengereni kalatayo mlamu wanu sakudya bwino. Amangobwereza kusita malaya a mwanayo, ositasita omwewo. Anansi ena anasiya kumuyankha moni, ndipo pa mpopi amamutalikira ngati ali ndi mphere. Lachisanu lililonse iye amakasaina kupolisi, poti ndi wa kutsidya.

Mwanayo poyamba ankati saopa. Anandiuza kuti anzake onse anapita, iye sangatsale ngati nkhuku yodwala. Sindinamutsutse. Ndinangomutenga kuti akaswere nane ku shopu, akaone makasitomala anga a masiku ano.

Achemwali, ndasoka nsapato zaka makumi awiri ndi zitatu, koma ndinali ndisanaonepo munthu akuoda nsapato imodzi yokha. Lero amabwera, ndodo m'khwapa. Tsikulo kunabwera wina amene kale ankayendetsa basi, ali ndi mayi ake. Ndikumuyeza phazi lotsalalo, anatiseketsa kuti masiku ano masokosi akumukhalitsa kawiri. Tonse tinaseka kupatula mayiwo, iwo maso anali kukhoma. Mwana wanga anamufunsa kuti mtsinjewo ndi waukulu bwanji. Anayankha kuti sakudziwa. Anakhala m'dzenje miyezi inayi, mtsinje sanauone n'kamodzi komwe, madzi akumwa ankachita kuwabweretsera pa lole.

Kuyambira tsikulo mawu akuti saopa sindinawamvenso kwa mwanayo. Koma kalata ija ikadali pamwamba pa kabati, ndipo masiku akutha.

Chimene chikutigwira mtima pang'ono n'chakuti akuluakulu a mayiko awiriwa akukumana pa hotela ina m'tauni muno, pamodzi ndi amkhalapakati ochokera kunja. Mnansi wathu wa khomo loyang'anana ndi lathu amaperekera zakudya kumeneko. Akamaweruka, mdadada wonse timamudikirira pa geti ngati wabwera ndi mankhwala. Akuti masiku awiri oyamba anathera pa kukangana kuti ayambe kulowa m'chipinda ndani, mpaka a hotela anatsegula khomo lachiwiri. Tsiku lachitatu wina anamenya tebulo, tambula n'kugwa n'kusweka. Koma dzana anawapeza ataweramira mapu amodzi, akubwerekana pensulo.

Zimene watolako n'zakuti akufuna kuleka kuomberana kwa masiku makumi atatu ndi kubwezerana akaidi. Mlandu wa malire akuti ukaweruzidwe ndi oweruza a mayiko ena, ndipo madzi aziyezedwa ndi anthu a mbali zonse ziwiri, aliyense akuona. Sanasainebe. Mnansiyo akuti pali mkulu mmodzi wa asilikali amene amangokhala atapinda manja, ngakhale tiyi samwa. Ameneyo ndiye akutisowetsa mtendere.

Ku msika ena akuti kukambirana n'kugonja. Wogulitsa zikopa, amene ndinkagulako, anandiuza kuti za oweruzazo zingatenge zaka khumi, bola kumalizana nazo ndi mfuti. Ndinamuyankha kuti zaka khumi za mapepala ndingazipirire, chifukwa polakwika amafufuta, koma mwendo suphukanso. Ndinawonjeza kuti walira mvula walira matope, ngakhale matope a ulendo uno akuponda ndi ana a eni. Iye ana ake onse ali kunja ku sukulu. Anandikwiyira, ndipo zikopa tsopano ndikugula kwina, zolimba ngati thabwa.

Pempho langa ndi limodzi. Kukumveka kuti zokambiranazi zikalephereka, onse obadwira kutsidya adzawasonkhanitsira m'misasa. Ndikufuna mlamu wanu ndi kamtsikana kathu kachitsiriza abwere kwa inu zinthu zisanafike pamenepo. Mapepala awo ndakonza kale. Vuto ndi mwiniwakeyo, akukana. Akuti sangachoke mwana wake akupita kunkhondo, ndipo ndikayamba nkhaniyi amangotuluka kukaanula zovala. Inu amakumverani. Muimbireni, mumuuze kuti chipinda chilipo ndipo simukumuona ngati katundu. Musamuuze kuti ndakutumani ndine. Ine nditsala kuno, kuti mnyamatayo akadzagogoda adzapeze womutsegulira.

Amayi musawauze za kalata ya asilikaliyi, mtima wawo uja mukuudziwa. Muwapatse moni, muwauze kuti adzukulu awo akukula ndipo wamng'onoyo wawatengera liuma. Moni kwa alamu, kwa amalume ndi azakhali, ndi kwa ana anu onse, makamaka namwino wathu uja.

Akuluakulu aja akuti atseka zokambirana Loweruka. Kalatayi ikamakufikani mudzakhala mukudziwa kale zimene ine, polemba pano, sindikuzidziwa. Ngati zili zabwino, ing'ambeni. Ngati zili zoipa, musadikire ina, yambani kusesa chipindacho.

Tsalani bwino.

Ndine mlongo wanu,
Kansingano, monga mmene mumanditchulira