Mizere Yomaliza ya Agness

Lolemba, 9 Juni

Kuzizira. Mwana wanga Pamela akukandabe m'mutu. Mizere imene mayi ake, Agness, anamuluka asanagonekedwe m'chipatala ikadalipo, ndipo mwezi wadutsa chiikireni maliro. Sindinaimasule. Ndimatsuka pamwamba pake ndi sopo wochapira zovala, kenako vasilini, kenako mafuta obiriwira a m'kabotolo ka Agness. Ndinkamuona akumudzoza mwanayu. Kuti ochuluka bwanji, sindinayang'anepo.

Lachitatu, 11 Juni

Zoyerayera pakati pa mizere. Mfundu? Zipere? Ndawonjezera mafuta.

Kusukulu ndaphunzitsa ndakatulo m'kalasi yolakwika.

A Rhoda, akulu ake a Agness, aimba foni kuchokera ku Vubwi. Wina wawauza. "Alamu, mwana wamkazi saleredwa ndi mabuku. Ndibwera Loweruka la sabata yamawa. Ndikapeza mutu uli choncho ndimumeta, ndipita naye kwawo."

Kwawo. Mwana ndi wakuchikazi, ndikudziwa. Ndayankha kuti zikomo. Zikomo ya chiyani?

Lachisanu, 13 Juni

Kuchipatala. Anesi akanda ndi chikhadabo, ayang'ana, ati si matenda. Sopo wosatsukuluzika, mafuta pamwamba pa mafuta, fumbi la Katete. Zonse zaunjikana. Ndiye kuti ndine ndakhala ndikumata. "Masulani kaye, bambo, mutsuke bwino."

Pa foni ena akuti viniga. Ena soda. Ena akuti soda ayi, amathothola tsitsi. Wina dongo. Mabuku kabati yonse, a nkhondo, a nyenyezi, a imfa ndiye osanena. Lonena za mutu wa mwana palibe.

Soda alipo, wa therere. Agness anasiya theka, atamanga ndi kampira. Ndabwezera pamalo pake.

Lachiwiri, 17 Juni

Ndinagwira nsonga ya mzere umodzi. Ndinasiya. Zala za Agness zinadutsa pamenepa. Ndikamasula chatsala n'chiyani? Ndikapanda kumasula apita ku Vubwi. Ndalemba mbali ziwirizi m'mutu tsiku lonse ngati funso la mayeso, yankho osatuluka.

Pamela akudya, osandiyang'ana: "Amayi ankafunditsa madzi. Pomaliza ankafinyiramo ndimu la kuseri. Mafuta pang'ono chabe, ngati njere ya chimanga."

Ndamufunsa chifukwa chake sanandiuze kale. Akuti ankaona ngati ndikamamudzoza ndimasiya kulira.

Lachisanu, 20 Juni

Tamasula. Pakhonde, titaweruka. Tsitsi lothothoka lodzaza m'manja. Pamela akuti zimatero, amayi ankalikulunga n'kutaya. M'tsinde mwa mzere uliwonse zotuwa zomata ngati phala logona.

Shampu wa kugolosale, madzi ofunda. Koyamba thovu silinabwere n'komwe. Kachiwiri linabwera. Madzi a ndimu, kenako madzi okha, mpaka m'beseni mwayera.

Ndinanunkhiza mutu wake. Palibe. Fungo lija ndinkalimva ndikamamukumbatira linali la kabotolo, latsalira m'beseni. Ndinaima nalo beseni osadziwa kothira. Ndathira patsinde pa ndimu.

Ndayesa kuluka. Mizere yokhota, wina wathera pakhutu. Sakukandanso.

Loweruka, 21 Juni

A Rhoda abwera ndi minibasi ya m'mawa. Lumo ndinaliona m'chikwama potulutsa mtedza. Tiyi sanamwe. Anamuitana Pamela, kupatula tsitsi ndi chala, kuyang'ana kumbuyo kwa makutu, kununkhiza. Nthawi yaitali.

"M'mutu mwayera. Koma mizere yonga njira za mbewayi waluka ndani?"

Pamela anati atate. Anaseka a Rhoda, kuseka kwa Agness kwenikweni, mpaka anaphimba nkhope ndi chitenje. Sindikudziwa pamene kuseka kunathera.

Atapukuta maso anamukhazika mwana pakati pa miyendo, namasula ntchito yanga yonse. Ine ndinali chiimire pakhomo. Kodi ndikalongedze zovala zake? Ndifunse?

"Alamu, kokani mpando. Ku Vubwi n'kutali, sindingamabwere kudzaluka sabata iliyonse. Bweretsani zalazo."

Mzere wa kumanzere ndi wanga. Ukuoneka. Akuti Lolemba apita nawo choncho kusukulu, ndisaukhudze.

Kabotolo katsala pang'ono. Njere ya chimanga. Poluka, chingwe chapakati cha tsitsi chimapita pansi, kapena pamwamba? Ndiwafunse asanakwere minibasi.