Pensulo Pakhonde la Bambo

Lolemba, 4 Januwale 1932
Aphunzitsi a Dickson andipatsa kope ili ndi pensulo. Akuti ndizilembamo tsiku lililonse, ngakhale mizere iwiri, apo ayi dzanja liiwala zonse za kusukulu ya mishoni. Kunena n'kosavuta. Nthawi yake iti? M'mawa ng'oma ya kuesiteti imalira nkhuku zisanatsike. Masana zala bii ndi utomoni wa tiyi, mvula pamsana. Yatsala ya madzulo, pakhonde pamene bambo amalukira madengu. Ndasankha imeneyo.

Lachitatu, 6 Januwale
Sindinasiye kulemba. Ndikudzimva ngati kalaliki, ine wothyola tiyi. Chilembo cha g chayamba kuima bwino, kale chinkaoneka ngati nkhuku yonyowa. Koma bambo chete. Masiku onse amandisimbira za kwawo, kutsidya kwa mtsinje wa Ruo, dziko la Apwitikizi, ine ndikuwasendera nsungwi. Lero akhala chondifulatira.

Loweruka, 9 Januwale
Mkazi wanga Lestina wandinong'oneza chifukwa chake. Bambo akuganiza kuti ndikulemba mayina a anthu a pamudzi, oti ndikapereke kwa mzungu wa kuesiteti. Ndinaseka, kuseka n'kundithera. Ndakumbukira mawu awo akale: "Kwa Apwitikizi, munthu akalembedwa m'buku sagonanso m'nyumba mwake." Abale awo anatengedwa choncho, kukagwira ntchito yokakamizidwa. Ine mwana wawo ndingachite zimenezo? Zandiwawa. Kulemba ndikukufuna, koma pakhonde popanda mawu a bambo si pakhonde. Kope ndilisomeka kudenga.

Lamulungu, 17 Januwale
Sabata yonse osalemba. A Dickson akamva akalipa. Akalipe. Ndakhala ndikusenda nsungwi basi. Bambo anayamba ndi kunyoza mpeni wanga wobuntha, pofika Lachinayi nkhani zonse zabwerera, mpaka nyimbo ya Chilomwe. Mtima wanga wakhala pansi. Lestina akuti ndayambanso kudya ngati munthu.
Lero titabwera kutchalitchi ndinatsitsa kope, n'kuwawerengera zonse mokweza, osabisa ngakhale mzere umodzi. Pa nkhuku yonyowa anaseka mpaka kutsokomola. Pa mawu awo aja sanaseke. Anangofunsa ngati bukuli limapita kuofesi. Ndinati limagona kudenga, ndi makoswe.

Lolemba, 18 Januwale
Ndadziikira lamulo langalanga: kulemba Lamulungu ndi Lachitatu, masiku ena nsungwi. G wanga achedwe kukongola, sathawa. Lero ndimafuna kungolemba lamulolo n'kutseka. Ndapepukidwa kwabasi.
Ndisanatseke, bambo anaika dengu pansi. Anasendera pafupi, akuyang'ana pensulo ngati iluma.
"Lemba Teleza. Mlongo wako. Tinamuika m'njira pothawa Apwitikizi, iwe usanabadwe. Pamanda pake sitinaikepo ngakhale mwala."
Sindinkadziwa kuti ndinali ndi mlongo. Mayi anamwalira osanditchulira.
Ndalemba.
Teleza.
Anafunsa pamene dzinalo layambira ndi pamene lathera. Ndinawalozera. Anaikapo chala chawo chokhakhala ndi nsungwi, osachichotsa mpaka Lestina atatiitana kukadya. Podzuka anati alipo ena anayi amene anatsala m'njiramo, koma kuwatchula onse tsiku limodzi sangathe.
Mawa Lachiwiri, si tsiku lolemba. Pensulo ndasongola kale.