Amalume Akaniza Ana

Okondedwa bambo a Saidi,

Salaamu aleikumu. Muli bwanji ku Bulawayoko? Kuno kwa Maganga tili bwino, koma mayi miyendo ikuwavutabe.

Pasipoti yanga yatuluka, khadi la chipani ndagulanso kuti anyamata a chipani aja asandibweze pasiteshoni. Koma za ana zavuta. Lachisanu anthu atatuluka mumzikiti ndinapita kukatsanzika kwa amalume. Ndinawapeza akusoka ukonde, ndipo sanadzutse n'komwe mutu.

"Iwe pita, ukwati ndi wako," anatero. "Koma Saidi ndi Amina ndi mbumba yanga. Ndi angati anapita kumeneko osabwerako?"

Ndinawauza kuti mwapeza nyumba ya zipinda ziwiri, sukulu ili pafupi. Anangoti, "Nyumba ya abwana si mudzi."

Chonde alembereni nokha, mwaulemu, musapse mtima ngati chaka chija. Alonjezeni kuti ana azibwera kudzadya Idi kuno. Kusiya ana sindingathe, komanso kukhala ndekha ngati wamasiye ndatopa nako.

Saidi wauza kale anzake onse kumadarasa kuti akukwera sitima kupita kwa bambo ake. Ine sindinamuuze kanthu.

Allah akusungeni.

Ine mkazi wanu,
Mayi a Saidi